Chingwe cha Torleiv

Kvernvik, 14 Ogasiti 1989

Mwana wanga Solfrid,

Moni. Kuno tili bwino. Ng'ombe zili bwino, amayi akonso ali bwino. Za msana wanga usafunse, anafunsa kale dokotala ndipo yankho lake sindinalikonde. Kaya inu ku Stavanger, iwe ndi amuna ako ndi kamdzukulu kanga Kjersti? Undiuze ngati kayamba kuyenda.

Ukukumbuka zomwe munandichita pa Pasaka, iwe, mlongo wako Arnfinn ndi amayi ako, mutandizinga patebulo ngati nkhosa yoti imetedwe. Munati dokotala waletsa kuti ndizinyamula udzu ndi foloko. Ndinavomera. Munati ikafika nthawi yolowetsa ng'ombe m'khola, pakati pa Okutobala, ndilibe makina ondinyamulira udzu, ng'ombe zikwere lole ya kophera nyama, ife tisamukire m'tauni. Ndinapereka dzanja, ndipo dzanja la Torleiv likatuluka silibwerera m'thumba. Koma munaiwala kundifunsa ngati makinawo ndingawapeze.

Ndawapeza. Gunvald wa kumtunda wandigulitsa mikono yachitsulo ya kutsogolo kwa thalakitala, ija inali pa thalakitala yake yakufa. Ndaiwotcherera pa yathu. Ikukwera, ikutsika, bwinobwino. Udzu wa chaka chino tinaukulunga m'mapulasitiki oyera, aja anthu akuti mazira a thalakitala, ndipo ali ndandanda kuseri kwa khola. Chatsala n'chopanira cha kunsonga kwa mikono, choti chizikumbatira dzira limodzi n'kulinyamula. Chopaniracho chilipo, koma sichitsegula kukamwa popanda mafuta ochikankha. Pakufunika mapaipi awiri aatali, ochokera pa valavu yotsegula ndi kutseka mafuta, ya kumbuyo kwa mpando, mpaka kunsongako.

Iwe ndiwe umadyera mapaipi a mafuta kuntchito kwako. Unapita kutauni kukakhala mlembi, n'kukathera pa makina, ndiye magazi sanama. Undipangire. Chingwe cha muyeso nditumiza.

Ndine bambo ako,
Torleiv


Stavanger, 21 Ogasiti 1989

Ababa,

Moni kwa inu ndi Amayi. Tonse tili bwino. Kjersti sanayambe kuyenda, akukwawa, koma chobwerera m'mbuyo, ndipo ukamuwongolera amakwiya. Sindikudziwa watengera ndani.

Mapaipi ndipanga. Tsiku ndi tsiku ndimapanga a zitsime za mafuta za pakati pa nyanja, awiri a thalakitala sangandivute. Abwana andilola kugwiritsa makina Loweruka. Koma pali zinthu ziwiri, ndipo muziwerenge mutakhala pansi.

Choyamba, valavu yanu ndi ya ku Mangalande, mazinga ake si a kuno. Mitu yachitsulo yogwirizana nayo ndaitanitsa kunja, imatenga masabata atatu kapena anayi. Mutu ukafinyidwa kale pa paipi suchokanso, ndipo paipi ikafupika siwonjezereka. Ndiye kuti mpata tili nawo umodzi wokha. Tikaphonya, lole idzafika mitu ina isanafike.

Chachiwiri, musayezere m'shedi. Denga la shedi yathu n'lalifupi, mikono singakwere mpaka kumapeto. Tulutsani thalakitala pabwalo, kwezani mikono mpaka itakana, pendeketsani chopanira, kenako muyendetse chingwe m'njira yomwe paipi idzadutse. Paipi yoyezedwa mikono ili pansi imamangika bwino, imakongola, munthu mpaka kudzitama. Tsiku lokweza ndi lomwe imazuka kunsonga, mafuta onse n'kuthera pabwalo.

Ndipo Ababa, tepi yoyezera ili m'kabati ya kukhitchini. Mutandilemberako masentimita pambali, mutu sungakupwetekeni.

Mundiuze ngati ng'ombe yathu Svarta wabereka.

Mwana wanu,
Solfrid


Kvernvik, 27 Ogasiti 1989

Solfrid mwana wanga,

Moni, ndi amayi ako. Muli bwanji nonse? Kjersti chifuwa chija chinatha? Ndikulemba m'malo moimba chifukwa foni ya m'nyumba muno ili pambali pa mpando wa bambo ako. Amati khutu lawo linagontha, koma limagontha ndikawatuma basi.

Kalata yako anaiwerenga mokweza kawiri. Pa mawu a tepi anaseka mpaka khofi kutayikira pa nsalu ya patebulo.

Mwana wanga, ndikuuze za mumtima. Pa Pasaka paja, bambo ako atapereka dzanja, ine ndinapita kubafa n'kukalira ndi chimwemwe. Zaka makumi anayi ndikudzuka kunja kuli bii, kukakama ng'ombe za eni ake. Inde, za eni ake, chifukwa zikapambana pa chionetsero ndi za Torleiv, zikatsegula m'mimba ndi za Borgny. Zala zanga zapindika, batani la juzi ndimamanga ngati ndikulimbana ndi munthu. Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo sindinaope, koma palibe anandiuza kuti kudzang'anima mpaka ukalamba.

Nyumba ya m'mwamba ija unandionetsa pafupi ndi kwanu ndimailota. Pansi pa m'bafa pofunda, sitolo pansi pomwepo, windo loyang'ana kudoko. Ndinasankha kale pokhala mpando wanga. Ndinkati nkhani yatha. Lero munthu ali m'shedi kuyambira m'mawa, akuimba nyimbo za kutchalitchi kwinaku akuwotcherera zitsulo. Akatha mikono imeneyi, iye msana wapuma. Nanga ine? Mikono yachitsulo sikama mkaka.

Sindikukupempha kuti uname. Ungochedwa. Makina amawonongeka, katundu wakunja amasochera, abwana amasintha maganizo. Okutobala sali kutali. Bambo ako akapereka dzanja saphwanya, ndiye tingofunika tsikulo lifike iwo asanamalize.

Svarta wabereka kamkazi. Ndinagona kukhola ndine.

Amayi ako,
Borgny


Stavanger, 3 Seputembala 1989

Amayi,

Moni. Chifuwa chinatha, zikomo. Kalata yanu ndaiwerengera m'galimoto kuti munthu asandione nkhope.

Ndikukumvetsani, ndipo inenso ndikufuna mubwere. Kjersti akudziwa agogo ake pa chithunzi chokha. Koma kuchedwetsa dala sindingathe. Patebulo paja sanapereke dzanja Ababa okha, ifenso tinapereka. Tinawauza kuti akapeza makina ng'ombe zikhala. Ndikawabera masiku, ndidzawayang'ana bwanji m'maso pa Khrisimasi?

Chomwe ndingalonjeze ndi ichi. Sindithandiza mbali iliyonse. Ndidzadula molingana ndi chingwe chomwe chidzafike m'manja mwanga, osawonjezera, osachotsera. Ndawauza kayezedwe kake. Akamva, apambana okha. Akapanda kumva, safunsa anadya phula, alakwitsa okha.

Musandikwiyire. Mafuta opaka m'manja aja akuthandiza?

Solfrid


Kvernvik, 10 Seputembala 1989

Solfrid,

Moni nonse. Kuno mvula, monga mwa masiku onse. Mitu yako yakunja yafika?

Chingwe nachi, chomangira udzu, chofiira. Kumene kuli mfundo ndi kwa valavu, kwinako ndi kunsonga. Mapaipi onse awiri akhale ofanana nacho.

Masentimita sindilemba. Nambala imadutsa m'mutu mwa munthu, pamutu ipite pa pensulo, papensulo ipite papepala, ndipo paliponse pamenepo ikhoza kupunthwa. Chingwe chimachoka pa chinthu n'kupita pa chinthu. Nsapato zako zonse za kusukulu ndinkagula ndi chingwe m'thumba, unapsapo matuza? Makatani a amayi ako, chingwe. Bokosi la maliro la agogo ako, ndinawayeza ndi chingwe, mmisiri wa kutsidya n'kukhoma osawaona, ndipo anagonamo ngati anabadwiramo. Nambala imanama, chingwe sichinama.

Za kutulutsa thalakitala pabwalo ndawerenga. Waiwala kwanu, mwana iwe. Gunvald amakhala pawindo tsiku lonse ndi magalasi ake oonera patali. Ukufuna andione nditakwera makwerero, chingwe kukamwa, Lamulungu tchalitchi chonse chimve kuti Torleiv akuyanika zovala pa thalakitala? Kuno ntchito imatuluka pabwalo itatha. Ndayeza momwe ndimayezera.

Chodabwitsa n'chakuti amayi ako asintha. Ndimati ndivale jasi ndikaponye kalatayi, iwo akuti, "Pumitsani msana wanu, abambo, ku positi ndipita ndine. Musamate envulopu, ndiikamo masokosi a mwana." Zaka zonsezi sanandiuzepo kuti ndipume. Ndikuona ayamba kuikonda ntchitoyi.

Bambo ako,
Torleiv

Solfrid, ndi amayi ako. Masokosi ndi a Kjersti. Mawu ako aja ndawasunga: molingana ndi chingwe, osawonjezera. Mwana wosunga mawu ake ndi dalitso. B.


Stavanger, 1 Okutobala 1989

Amayi,

Moni. Iyi muwerenge muli nokha. Muli bwanji, ndipo makamaka Ababa ali bwanji?

Mitu inachedwa, yafika Lachinayi lapitali. Dzulo ndinapita kuntchito, ndinatambasula chingwe pa benchi, ndinatenga chodulira. Ndiye ndinaima. Amayi, thalakitala imeneyo ndinaphunzirirapo kuyendetsa miyendo yanga isanafike pansi, kutalika kwake ndikukudziwa ngati bedi langa. Chingwechi n'chachifupi. Osati pang'ono, ayi. Sichingafike ngakhale mikono itagona pansi.

Ndinati mwina maso anga. Ndinapita kwa mlimi wina kuno, kasitomala wathu, yemwe ali ndi thalakitala ngati yathu ndi mikono ya mtundu womwewo. Tinakweza, tinatsitsa, ndinayeza ndekha. Chingwe cha Ababa chikuperewera pafupifupi theka la mita.

Ndinakhala m'galimoto n'kulira. Akanaphonya ndi zala zitatu ndikanati ndi makani awo. Koma theka la mita? Munthu woyeza bokosi la maliro ndi chingwe, mmisiri osafunsanso? Uku si kulakwitsa, Amayi. Agogo nawonso anayamba chonchi, mukukumbuka, tsiku lija anaika mchere m'khofi wa abusa.

Lonjezo langa ndaliphwanya, mundikhululukire. Munthu wamakani ndikanamusiya agwe yekha, koma wodwala ayi. Ndadula molingana ndi muyeso wanga, ndafinya mitu, ndatumiza pa basi ya mawa. Afika ndi sitima ya pamadzi ya Lachitatu. Ababa musawauze, zingawaphe.

Koma mundiuze zoona. Amaiwala mayina? Amasiya mbaula yoyaka? Mwaona chiyani?

Solfrid


Kvernvik, 9 Okutobala 1989

Mwana wanga Solfrid,

Moni! Mpsompsone Kjersti, ndipo amuna ako uwauze kuti ng'ombe za apongozi awo sizikupita kulikonse.

Mapaipi anafika Lachitatu. Ndinawagoneka m'mbali mwa mkono wakumanzere, ndinawagwiritsa ndi timalamba tachitsulo, ndipo pomwe akanakhuzika pa ngodya ndinakulungapo labala wa jombo yanga yakale. Mazinga analowa ndi zala zokha, sipanala n'kungomalizitsa. Ntchito yako ndi yaukhondo, zimenezo ndivomere.

Loweruka m'mawa ndinatsegula zitseko zonse ziwiri za shedi n'kutuluka. Sindinaitane munthu, koma ndisanafike pakati pa bwalo Gunvald anali atatsamira kale mpanda, manja m'thumba.

"Torleiv," akutero, "ndabweretsa ndowa. Mafuta akatayika nditapeko, ndi okwera mtengo."

Ine ndati, "Ikhazike pansi ukhalepo, miyendo ingakunjenjemere."

Ndinatsegula ndi kutseka chopanira kangapo kuti mpweya utuluke m'mapaipi. Chinayamba chatsokomola, kenako chinayasamula bwinobwino. Ndinapita kuseri kwa khola, ndinakumbatira dzira limodzi, ndinabwera nalo pamaso pa Gunvald, ndiye ndinakweza. Ndinakweza mpaka mikono itakana, dzira lili m'mwamba kuposa denga la nkhokwe. Mapaipi anangowerama pang'ono ngati munthu waulemu. Osakokeka, osalendewera, ngakhale dontho.

"Wayeza ndi chiyani?" akufunsa Gunvald.

Ndinangotulutsa mpukutu wa chingwe m'thumba n'kumuponyera. "Tenga, ukapachike pawindo pambali pa magalasi ako."

Ndiye masentimita ako aja, mwana wanga, uwasungire a zitsime za m'nyanja. Ndinayezera m'shedi momwemo, mikono ili pansi, enawo ndinawerengera m'mutu. Waona?

Amayi ako anaonera zonse ali pakhomo, kansalu kopukutira mbale m'manja. Dzira litafika pamwamba anangokhala pansi pa sitepe mpaka nthawi ya nkhomaliro. Chimwemwe chimagwira anthu mosiyanasiyana. Madzulo mbatata zinapserera.

A lole ndawaimbira kuti asavutike. Ng'ombe zilowa m'khola Loweruka likubwerali. Undiuze mtengo wa mitu ija.

Bambo ako,
Torleiv


Stavanger, 16 Okutobala 1989

Amayi,

Moni. Masabata awiri apita, simunandiyankhe. Mukakhala chete inuyo ndimadziwa kuti zinthu zafika poipa. Muli bwino?

Kalata ya Ababa ndalandira. Akusangalala ngati mwana, ndipo n'zomwe zikundiopsa. Akukhulupirira kuti muyeso unali wawo. Munthu wophonya theka la mita osazindikira, lero akuyendetsa dzira lolemera ngati ng'ombe pamwamba pa mutu wake, inu muli pansi mukutsegula chitseko cha khola. Ndine ndawapatsa mapaipi amenewo. Tulo sindikupeza.

Ndakambirana ndi Arnfinn. Poyamba anakana, kenako ndinamuonetsa chingwe, n'kuvomera. Tapeza malo kwa dokotala woona za mitu ya okalamba, pa 6 Novembala. Ababa tiwauza kuti ndi za msana. Dokotala akapeza chomwe tikuopa, Arnfinn adzatenga makiyi a thalakitala, ng'ombe zidzapita, ndipo sipadzakhalanso za dzanja. Nyumba ija idakali yopanda munthu, eni ake avomera kudikira.

Ndiye chomwe munkafuna chija chikubwera, Amayi, ngakhale chadzera khomo loipa. Dokotala akuti mawu a mkazi wa wodwala ndi omwe amalemera kwambiri. Mungondilembera kuti inde, mwaona kuti mutu wawo sukuyenda bwino. Zotsalazo tichita ife.

Solfrid


Kvernvik, 24 Okutobala 1989

Solfrid,

Moni. Ndili bwino m'thupi. Kwina konseku usafunse.

Kalata yako ndakhala nayo m'thumba la epuloni sabata yonse. Inde ndi mawu aafupi, ngakhale zala zopindika zikhoza kulemba. Ndinatenga cholembera, ndinaganiza za pansi pofunda pa m'bafa, ndinalemba I. Kenako ndinasuzumira pawindo. Bambo ako anali akutuluka m'khola, akuitana ng'ombe iliyonse ndi dzina lake, ndi la mayi wake, ndi la agogo ake. Munthu ameneyu amakumbuka mtengo wa feteleza wa chaka chomwe unabadwa. Amakumbuka ndi mawu omwe ndinamunyoza nawo tsiku la chinkhoswe chathu. Ndinaona dokotala akumufunsa kuti lero n'lachingati, Arnfinn akutambasula dzanja kuti apatsidwe makiyi, iye akutembenuka kundiyang'ana ine kuti ndimuikire kumbuyo. Pepalalo ndinaliponya m'mbaula.

Mu envulopu muno muli kachidutswa ka chingwe chofiira. Kayeze, n'kofanana ndi singano yanga yolukira majuzi. Ndinadulira kuseri kwa positi, ndi sizasi ya m'chikwama changa. Ndinayamba ndadula pang'ono, ngati chala. Ndiye ndinati labala amatanuka, bambo ako angakoke mpaka afike. Ndinaika kachalako m'thumba, n'kudulanso kutalika kwa singano yonse.

Mutu wa bambo ako ndi wouma, koma ndi wathunthu. Wodwala m'nyumba muno ndine, ndipo matenda anga ndi kutopa. Dokotalayo umuuze apume. Arnfinn umuuze zomwe ukufuna, manyazi ndawasenza kale. Koma bambo ako asamve, osati chifukwa choti ndikuwaopa, koma sindingapirire kuwamva akundikhululukira tsiku lililonse mpaka imfa.

Ndakwiya, mwana wanga. Ndakwiyira iwe chifukwa chophwanya lonjezo, ndakwiyira iwo chifukwa choyeza bwino, ndadzikwiyira ndekha chifukwa dzira lija litafika pamwamba, kanthu kena kopusa mumtima mwanga kanawomba m'manja.

Ng'ombe zalowa. Ndikudzuka nthawi yomwe ija.

Amayi ako,
Borgny


Stavanger, 30 Okutobala 1989

Amayi,

Moni. Ndinawerenga kalata yanu nditaima pakhomo, ndinalira, kenako ndinaseka mpaka Kjersti analira. Dokotala ndamuimbira. Arnfinn ndangomuuza kuti ndinasokoneza zingwe kuntchito, ndipo wandinena mokwanira. Musade nkhawa, nkhaniyi ithera pa ife awiri.

Koma pali china, ndipo ndalimbana nacho ngati ndikuuzeni kapena ayi. Mwalemba kuti mwakwiyira Ababa chifukwa choyeza bwino. Mkwiyo umenewo mukhoza kuusiya.

Ndinatenga zidutswa zanu zonse ziwiri, cha singano ndi kachala kaja, komwe kanabwera limodzi katamatirira pansi pa envulopu, ndinazilumikiza ndi chingwe chachikulu pa benchi. Ndinabwerera kwa mlimi uja. Mikono ili pansi, chingwe cha Ababa chikufika ndendende, mfundo pa valavu, nsonga pa chopanira, mpaka kusangalatsa. Titakweza, chikuperewera ndi chikhatho chimodzi.

Chikhatho chimodzi, Amayi. Pa benchi sindikanachiona. Ndikanadula monga ndinalonjezera, ndikanafinya mitu, iwo akanamanga bwinobwino n'kutuluka pabwalo. Dzira lisanafike pa denga, paipi ikanazuka pamaso pa Gunvald ndi ndowa yake. Mitu ina ikanafika lole itadutsa kale. Lero bwenzi mukuyeza makatani a windo loyang'ana kudoko.

Ababa anali atalakwitsa kale okha. Chinawapulumutsa ndi singano yanu. Mukanasiya chingwe momwe chinalili, kapena mukanakhutira ndi kachala kaja, sindikanakayika kanthu.

Sindikudziwa ngati ndipepese kapena ndithokoze. Pa Khrisimasi tibwera, ndipo m'mawa kukama ndidzadzuka ndine.

Mwana wanu,
Solfrid


Kvernvik, 12 Novembala 1989

Solfrid mwana wanga,

Moni nonse. Ndamva kuti Kjersti wayamba kuyenda, ndipo akupita kutsogolo. Ameneyo ndi wa kwathu. Ndamvanso kuti dokotala wa msana mwamuletsa. Mwachita bwino, msana wanga ukuchira wokha chiyambire kunyamula udzu ndi chala chimodzi.

Chipale chayamba kugwa kumapiri. Lamulungu lapitali, tikudya, amayi ako anandiyamba.

"Abambo," akutero, "udzu mwauthetsa, ndavomera. Nanga msewu? Chipale chikatseka, lole ya mkaka sifika, ndiye ndani agwire fosholo? Msana wanu ndi woletsedwa. Ine manja anga ndi awa."

Ndati, "Gunvald ali ndi chokankhira chipale chogona m'udzu. Chimamangika pa mikono yomweyi. Chingofuna mapaipi ena awiri, poti chili ndi mapiko opinda."

"Simungathe Khrisimasi isanafike."

"Ndani sangathe?"

"Ndati simungathe. Mwayi sugwa kawiri pakhomo limodzi."

Mwayi! Wamva? Ntchito yoyezedwa ndi manja anga akuti mwayi. Ndinaika foloko pansi. Ndati chokankhira chikapanda kugwira ntchito pofika Khrisimasi, ng'ombe zikwere lole Januwale, ndikakhale nanu m'mwamba mwanumo ndiziwerenga sitima. Iwo anapukuta dzanja pa epuloni n'kulitambasula, ine n'kupereka langa. Sindinawaonepo akutaya mkangano mosangalala chonchi. Anandiwonjezera ndi nyama.

Ndiye itanitsa mitu ina lero lomwe, ndikudziwa kuti imachedwa ndipo mpata ndi umodzi. Chingwe nachi. Ndayezera m'shedi monga kale, poti njira yomwe yagwira ntchito sasintha. Za tepi usayambenso.

Bambo ako,
Torleiv

Solfrid, ndi amayi ako. Ku positi apita okha, ine ndangopempha kangodya ka pepala. Chingwechi sindinachikhudze, sizasi ndabwereketsa kwa akazi a Gunvald mpaka chaka chatsopano. Iwenso ulendo uno usunge lonjezo lako, kwa mlimi uja usapiteko. Eni nyumba uwapemphe adikire mpaka Januwale. Pa zaka makumi anayi aka n'koyamba, koma bambo ako ndikuwakhulupirira ndi mtima wanga wonse. B.